Mpeni wa Buck 110 ndi timadontho tonena zaka zake

Pa 18 April 1963, akuluakulu a kampani ina yaing'ono ya mipeni mumzinda wa San Diego, ku California, anakhala pansi n'kumanga mfundo imodzi: apange mpeni wopinda woti mlenje azisendera nswala osaopa kuti umupindikira pa zala. Kampaniyo inali itangokwanitsa zaka ziwiri chilembetsereni ku boma. Chaka chotsatira, mu 1964, mpeniwo unafika m'masitolo uli ndi nambala 110 ndi dzina loti Folding Hunter, ndipo kuchokera pamenepo yagulitsidwa yoposa 15 miliyoni. Ku America unafala mpaka anthu anayamba kutchula mpeni uliwonse wopinda wokhala ndi loko kuti Buck, ngakhale wopangidwa ndi kampani ina.

Kuchuluka kumeneku n'kumene kumasokoneza munthu amene wapeza umodzi m'sutikesi ya malemu bambo ake kapena pa msika wa zinthu zakale. Maonekedwe a mpeniwu sanasinthe kwenikweni kwa zaka zoposa 60. Wa mu 1968 ndi wa mu 2008 mukaiika pamodzi patebulo, munthu wosadziwa anganene kuti inatuluka m'bokosi limodzi. Koma mitengo yake imasiyana kutali, chitsulo chake n'chosiyana, ndipo kasamalidwe kake sikangakhale kamodzi.

Banja la a Buck linayamba kalekale nkhani ya 110 isanamveke. Hoyt Buck anali mnyamata wa zaka 13 amene ankaphunzira kusula zitsulo ku Kansas mu 1902. Atatopa ndi kunola makasu a alimi amene ankabuntha msanga, anayamba kuyesa njira zowotchera ndi kuziziritsa chitsulo kuti chizisunga kuthwa, ndipo mipeni yake yoyamba anaisula kuchokera ku matupa otha ntchito. Sanakhale wosula mipeni moyo wake wonse. Anasamukira kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, ndipo pamene America inkalowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, iye anali m'busa wa mpingo wa Assembly of God ku Mountain Home, ku Idaho. Boma litapempha anthu kuti apereke mipeni kwa asilikali, m'busayo anayatsanso chipala. Nkhondo itatha anatsikira ku San Diego kwa mwana wake Al, n'kuyamba bizinesi yotchedwa H.H. Buck and Son. Hoyt ankasula mipeni pafupifupi 25 pa mlungu mpaka pamene anamwalira mu 1949. Al anakoka bizinesiyo movutikira, nthawi zina akudalira kunola macheka ndi zitsulo za makina otchetchera kapinga, mpaka mu 1961 pamene inakhala kampani yeniyeni.

Pali nthano imene imamveka kawirikawiri yoti a Buck ndiwo anayambitsa mpeni wopinda wa loko. Si zoona. Ku Solingen, ku Germany, mpeni wa Mercator wokhala ndi loko wa pamsana unalipo kale kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo ku Spain kunali mipeni ya navaja yokhoma isanafike nthawi imeneyo. Ngakhale ku America komweko alenje anali ndi mipeni yopinda ikuluikulu, monga ya kampani ya Case, koma yambiri inalibe loko. Chitsulo chake chinkangogwidwa ndi sipuling'i, moti munthu akakankha molakwika pakati pa nthiti za nyama, mpeni unkatha kutsekeka. Chimene a Buck anachita n'kuphatikiza zinthu zodziwika kale m'njira yolimba kuposa ena: chitsulo chosachita dzimbiri msanga cha masentimita 9.5, chimango cha mkuwa, chigwiriro cha mtengo wa ebony, wakuda ndi wolimba ngati phingo, ndi loko wa pamsana amene amagwa m'malo mwake ndi phokoso lomveka. Mpeni wonse umalemera magalamu pafupifupi 200. M'thumba la buluku umakoka nsalu, n'chifukwa chake unkagulitsidwa ndi chimake chachikopa chakuda chovala pa lamba. Alenje anaugula, koma amene anaufalitsa kwambiri anali amisiri a magetsi, oyendetsa mathiraki, alimi, asilikali ndi anyamata a njinga zamoto.

Tsono mpeni ukakhala m'manja, poyambira ndi pachidindo. Chidindochi chili m'munsi mwa chitsulo, pafupi ndi pamene mpeni umapindikira, ndipo pamafunika kuwala kwa dzuwa ndi maso abwino, kapena galasi lokuzira zinthu.

Mipeni yoyambirira, ya pakati pa 1964 ndi cha m'ma 1967, ili ndi liwu limodzi lokha: BUCK. Palibe nambala, palibe dzina la dziko. Imeneyi ndi imene osonkhanitsa mipeni amaisaka usana ndi usiku, ndipo ndi yopyapyala poyerekeza ndi yapambuyo pake. Cha m'ma 1967 kampaniyo inawonjezera mzere wachiwiri wa U.S.A., popeza inali itayamba kugulitsa kunja kwa dziko. Nambala ya 110 inayamba kudindidwa mu 1972, chidindo n'kukhala cha mizere itatu. Apa pali kanthu kena kamene ambiri sakaona: pa mipeni yakale kwambiri zilembo zimawerengeka nsonga ya mpeni italoza pansi, pamene pa yapambuyo pake zimawerengeka nsonga italoza kumwamba. Kusinthaku kunachitika nambala itangoyamba kumene kudindidwa, choncho mpeni wa mizere itatu wowerengeka chozondoka ndi wa kanthawi kochepa ka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Kenako panabwera timadontho. Kuyambira cha m'ma 1974 mpaka 1980, nambala 110 inkakhala ndi kadontho kamodzi kumanzere ndi kena kumanja. Cha m'ma 1980 mpaka 1981 timadontho tinakhala titatu, ndipo kuyambira 1981 mpaka 1986 tinakhala tinayi, tiwiri uku tiwiri uku. Timadonthoti sitinaikidwe kuti tithandize ogula. Tinali ta anthu a m'fakitale, kuti mpeni ukabwerera kudzakonzedwa adziwe kuti mkati mwake munapangidwa motani. Koma kwa munthu wa lero tili ndi nkhani yaikulu, chifukwa timadontho tinayi tikugwirizana ndi nthawi imene kampaniyo inasiya chitsulo cha 440C n'kuyamba cha 425M. Chitsulo cha 440C, monga mmene a Buck ankachiwotchera, chinali cholimba kwambiri. Chinkasunga kuthwa nthawi yaitali, koma chikabuntha munthu ankatuluka thukuta pamwala wonolera, ndipo madandaulo a alenje pankhaniyi anali ambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyo inasinthanso n'kuyamba 420HC, chimene ikugwiritsabe ntchito. Anthu ena amanyoza chitsulo chimenechi kuti n'chotchipa, koma kawotchedwe kake, kamene kanakhazikitsidwa ndi katswiri wotchedwa Paul Bos, n'kamene kanachititsa kuti chizigwira ntchito kuposa mmene dzina lake limamvekera.

Mu 1986 zinthu zinaphweka. Kampaniyo inayamba kuika chizindikiro chimodzi pafupi ndi nambala, chosintha chaka ndi chaka. Chaka cha 1986 chili ndi <, cha 1987 chili ndi >, cha 1988 chili ndi kachizindikiro konga V wozondoka, cha 1989 V woongoka, cha 1990 X, cha 1991 +, cha 1992 kamzere kogona, cha 1993 kamzere kopendekera kumanja, ndipo cha 1994 kopendekera kumanzere. Zaka ziwiri zili ndi zizindikiro zosaiwalika. Mu 2002, pokumbukira zaka 100 chiyambireni Hoyt kusula, anadinda chithunzi cha chitsulo chosulirapo. Mu 2005, pamene fakitale inasamuka ku El Cajon, ku California, kupita ku Post Falls, ku Idaho, anadinda mapu a chigawo cha Idaho. Kampaniyo imafalitsa ndandanda yonse ya zizindikirozi, choncho pa mpeni wa pambuyo pa 1986 palibe chifukwa chokanganirana.

Komatu chidindo chimanena zaka za chitsulo chokha, osati za mpeni wonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. A Buck akhala akulonjeza kuyambira kale kuti mpeni wawo adzaukonza moyo wake wonse, ndipo anthu ambiri amene anathyola nsonga potsegula chitini kapena pokanula chitseko ankatumiza mipeni yawo ku fakitale. Kumeneko ankachotsa chitsulo chothyokacho n'kuikapo chatsopano, chokhala ndi chidindo cha chaka chimene akonzeracho. Zotsatira zake n'zakuti pali mipeni yambiri yokhala ndi chigwiriro cha m'ma 1970 ndi chitsulo cha m'ma 1990. Palinso ochenjera amene amachita zosiyana ndi zimenezi: amatenga chitsulo chakale cha mpeni wowonongeka n'kuchiika pa chigwiriro chatsopano kuti mtengo ukwere. Munthu wodziwa amafunsa mboni zingapo, ndipo zikasemphana amaima kaye.

Mboni yoyamba ndi chidindo, yachiwiri ndi m'mbali mwa chigwiriro. Mipeni yakale ili ndi ngodya zoongoka, zomveka m'dzanja, pamene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'nthawi ya timadontho tinayi, fakitale inayamba kuzizunguliza kuti zisamalume chikhatho. Chitsulo cha liwu limodzi la BUCK pa chigwiriro chozungulira m'mbali ndi ukwati wokayikitsa. Chiwerengero ndi kukula kwa timisomali togwira mtengo kunasinthanso kangapo, moti osonkhanitsa mipeni amatiwerenga tisanayambe n'komwe kukambirana za mtengo. Mboni yachitatu ndi mtengo weniweniwo. Yakale inali ya ebony wa ku Macassar, wa ku Indonesia, wokhala ndi mizere yofiirira pakati pa kuda kwake. Pambuyo pake kampaniyo inayamba kugwiritsa ntchito timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi n'kuthiridwa utoto, timene munthu akayang'ana m'mbali amaona mizere yake yosanjikizana. Mu 2019 inabwereranso ku ebony weniweni, ulendo uno wochokera ku Cameroon, ku fakitale yocheka matabwa ya Crelicam imene kampani yopanga magitala ya Taylor ili ndi gawo.

Nanga yabodza? Kutchuka kwa 110 kunabala ana ambiri. Makampani olemekezeka anapanga yawoyawo ndipo sanabise maina: Schrade anali ndi LB7 ya Uncle Henry, Puma wa ku Solingen anali ndi yake, Case nayenso anali ndi yake. Imeneyi si yabodza, ndipo ina mwa iyo ndi yabwino zedi. Ya Schrade yolembedwa U.S.A. nthawi zambiri ndi ya chaka cha 2004 chisanathe, chifukwa m'chaka chimenecho fakitale yawo ya ku Ellenville, ku New York, inatsekedwa. Koma kunabweranso unyinji wa mipeni yotchipa yochokera ku Pakistan, makamaka mumzinda wa Wazirabad, ndipo pambuyo pake ku China. Imaoneka yofanana ukaiona patali. Pafupi, mkuwa wake ndi wopepuka, pakati pa mtengo ndi mkuwa pamakhala mpata, ndipo chitsulo chimagwedera chikatsegulidwa. Ngakhale a Buck akhala akupangitsa mipeni ina ku China, 110 yakhala ikupangidwa ku America nthawi zonse, choncho 110 yolembedwa China ndi yabodza basi.

Njira yowerenga zidindoyi imagwiranso ntchito pa mipeni ya makampani ena, kungoti aliyense ali ndi kalembedwe kake. Kampani ya Case, ya ku Bradford, ku Pennsylvania, inachita zosiyana ndi a Buck: mu 1970 inadinda timadontho 10, n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, moti mpeni wa timadontho 7 ndi wa 1973 ndipo wa kadontho kamodzi ndi wa 1979. Mu 1980 anayambiranso pa 10, koma atasintha chilembo cha S kukhala chooneka ngati mphezi. Nambala ya pa mpeni wa Case nayo imawerengeka: pa 6265, nambala yoyamba ikunena kuti chigwiriro n'cha fupa losemedwa kapena chinthu cholowa m'malo mwake, yachiwiri ikunena kuti zitsulo n'ziwiri, ndipo 65 ndiye mtundu wa mpeni wa alenje. Akayamba ndi 5, chigwiriro n'cha nyanga ya nswala. Pa mipeni ya ku Ulaya, mawu oti W. Germany amaika mpeni pakati pa 1949 ndi 1990, ndipo mawu oti stainless, rostfrei kapena inox sangakhale pa mpeni wa m'ma 1800, popeza Harry Brearley anatulukira chitsulo chosachita dzimbiri ku Sheffield mu 1913. Wogulitsa akamanena kuti mpeni wa zilembo zimenezi unamenya nkhondo ya Amabunu, akunama kapena anamunamiza.

Kum'mwera kwa Africa kuno mpeni wopinda umene anthu amaudziwa kwambiri si Buck koma Okapi, uja wa kamphete kokoka pamsana. Nawonso unayamba mu 1902, ku Solingen, ndipo unkapangidwira msika wa ku Africa. Mu 1988 kapangidwe kake kanasamukira ku South Africa, ku Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Choncho Okapi amene agogo anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni, akakhala wolembedwa Germany, ndi wa nthawi imeneyo isanafike. Sanali mpeni wa alenje olemera, ndipo chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga, koma kasamalidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka Buck.

Pa kasamalidwe, mdani wamkulu wa mpeni wakale si dzimbiri ayi, koma mwini wake wachangu. Munthu akapeza 110 ya m'ma 1970 mkuwa wake utada, dzanja limathamangira ku sandipepa ndi ku makina onolera a magetsi. Pakatha ola limodzi mpeni ukunyezimira, koma timadontho tafufutika, ngodya zoongoka zija zazungulira, nsonga yafupika, ndipo kutentha kwa makinawo kwafewetsa chitsulo chimene fakitale inachiwotcha mosamala. Mboni zonse zafa tsiku limodzi. Osonkhanitsa mipeni amalipira ndalama zambiri pa mpeni wodetsedwa koma wosakhudzidwa kuposa pa wowala wopalidwa, ndipo pa mfundo imeneyi akulondola ngakhale kwa munthu amene alibe maganizo ogulitsa.

Kuyeretsa koyenera n'kofatsa. Mpeni umatsegulidwa, ndipo kamtengo kosongoka kamachotsa ubweya wa nsalu, dothi ndi mafuta ouma a nyama zimene zimaunjikana mkati mwa chigwiriro, makamaka mu kamphako kamene loko amagweramo. Loko wambiri amene anthu amati watha amakhala kuti wangodzaza litsiro, ndipo akayeretsedwa amayambanso kugwa ndi phokoso lake lija. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wakale zimakwanira, bola mpeni usaviikidwe n'kusiyidwa m'madzi, chifukwa mtengo umafufuma kenako n'kung'aluka. Ukauma bwinobwino, dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera pamene umapindikira ndi okwanira. Ngati mpeniwo uzidula chakudya, mafuta oyera a mineral oil a ku famase ndiwo abwino. Mafuta ophikira amauma n'kuyamba kunanda ndi kununkha. Dzimbiri lofiira liyenera kuchoka chifukwa limadya chitsulo, ndipo limachoka ndi mafuta ndi kupukuta modekha. Koma kuda kotuwira kumene kumabwera pa chitsulo cha mipeni ngati Okapi kapena Case yakale si matenda. Kumateteza chitsulo, ndipo n'kwabwino kukusiya.

Chimake chachikopa chija chili ndi vuto lake. Chikopa chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala amene anachifufutira amalimbana ndi mkuwa n'kubala zobiriwira zonanda zimene zimamera pa mkuwa wa mpeni ndi pa batani la chimake. Mpeni wosiyidwa m'chimake zaka 20 umatuluka uli ndi zipsera zimene sizichoka. Zobiriwirazo zimachoka ndi kansalu ka mafuta ndi kamtengo, koma njira yabwino n'kusunga mpeni padera, wokulungidwa m'kansalu kouma, chimake chili pambali pake. Chimakecho chisatayidwe, ngakhalenso bokosi ndi timapepala ta mkati mwake ngati zilipo, chifukwa nazonso zinasintha m'kupita kwa zaka ndipo zimathandiza kutsimikizira chidindo. M'mabokosi a Buck mumakhala kapepala ka uthenga wachikhristu wochokera ku banjalo, konena kuti Mulungu ndiye mkulu wa bizinesi yawo.

Chenjezo lapadera likupita kwa amene ali ndi mipeni ingapo m'kabati imodzi. Mipeni ina yakale, osati 110, ili ndi zigwiriro za celluloid, pulasitiki yoyambirira ya mitundu yowala yotsanzira ngale kapena chigoba cha kamba. Celluloid ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi umene umadyetsa dzimbiri chitsulo cha mpeniwo ndi cha mipeni yonse yoyandikana nawo. Chizindikiro chake ndi chigwiriro chofota kapena chong'aluka, ndi dzimbiri lomera pa mbali ya chitsulo yoyang'anizana nacho. Woterowo achotsedwe msanga pakati pa anzake ndipo asatsekeredwe m'bokosi.

Kunola kumafuna kuleza mtima, makamaka pa 440C. Mipeni yakale ya Buck inkatuluka m'fakitale ndi kuthwa kokhuthala, kogwirizana ndi chizindikiro cha kampaniyo chosonyeza nyundo ikumenya mpeni kuti udule bawuti. Chizindikirocho chinathyoletsa mipeni yambiri ya anthu ofuna kuyesa okha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyo inapyapyalitsa kuthwako kufika pa madigiri 13 mpaka 16 mbali iliyonse. Mwala wa diamondi umachepetsa ntchito pa chitsulo cholimba chakalecho, koma kunola kulikonse kumadya chitsulo, ndipo mpeni wonoledwa mopitirira umadziwika ndi nsonga imene imasuzumira kunja kwa chigwiriro mpeni utatsekedwa. Nsonga yoteroyo imang'amba thumba ndi chala.

Kwa amene akukhala ku England ndi ku Wales pali nkhani ina yosakhudza dzimbiri. Lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda ndi kampeni kopinda kosapitirira mainchesi atatu, koma makhoti anagamula kuti mpeni wa loko sulowa m'gulu limeneli. Buck 110 imalakwa pawiri, pa kutalika ndi pa loko, choncho kuyenda nayo pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale ikhale ya chikumbutso cha malemu.

Mpeni ukakhala wowonongeka zedi, loko sakugwira ngakhale atayeretsedwa kapena chitsulo chikugwedera uku ndi uku, fakitale ya ku Post Falls imalandirabe mipeni yakale kuti iikonze, kuinola ndi kuipukuta. Mwini wa 110 wamba ya m'ma 1990 amene akufuna mpeni wogwirira ntchito sataya kanthu potumiza. Mwini wa mpeni wa timadontho tiwiri, kapena wa liwu limodzi lija la BUCK, ayenera kulemba momveka m'kalata yotsagana nawo kuti chitsulo chisasinthidwe ndipo mkuwa usapalidwe, chifukwa zitsulo za 440C za chidindo chakalecho fakitale inasiya kupanga kalekale.